Achimwene a ku Ntcheu, yambani ndi mpando, chiwongolero chibwere pambuyo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati alamu anu anakubweretserani Logitech G29, chiwongolero ndi mapedulo osewerera masewera a magalimoto, kuchokera ku Joni, mwaimanga patebulo lodyera, koma mukangothamanga theka la ola mu Assetto Corsa, masewera a mpikisano wa magalimoto, mapewa amaphwanya, tebulo limagwedera, ndipo mukaponda buleki mpando wapulasitiki umathawira kumbuyo. Ndiye mukufunsa kuti mukamakhoma chokhalamo chanuchanu, chiwongolero chipendekeke madigiri angati. Ine ndili kuno ku Dedza ndipo ndakhoma ziwiri.

Nambala ndikupatsani, koma musayambire pamenepo. Choyamba changa ndinapita nacho kwa owotcherera nditalemba kale madigiri papepala, mpando ndisanaupeze n'komwe. Anawotcherera bwino monga ndinawauzira. Mpando utabwera, chiwongolero chinali kutali ndiponso chogona ngati cha minibasi, moti pokhota ndimachita kudzuka, msana n'kusiya mpando. Zitsulo zowotcherera sizibwerera. Tinadula, ndalama n'kupita.

Choncho pezani kaye mpando. Pitani kwa ophwasula magalimoto mukafunse mpando wakutsogolo wa galimoto yaing'ono, monga Corolla, ndipo muumirire kuti akupatseni ndi njanji zake zapansi zomwe. Njanjizo ndi zimene zidzalole mng'ono wanu wamfupi kusewera popanda kumasula kanthu. Ukafika kunyumba, uyikeni pa matabwa, khalani, tsamirani mpaka mapewa onse awiri akhudze mpando. Mpando ugone pang'ono chabe, osati ngati mukuwothera dzuwa pakhonde.

Kenako mapedulo. Pondani buleki mpaka pamapeto. Bondo likhale likadali lopindika. Mwendo ukawongoka kotheratu, ndiye kuti mapedulo atalikira. A G29 anapangidwira munthu wokhala pampando wautali, ndiye mukakhala pansi ngati m'galimoto muyenera kukweza kutsogolo kwake ndi kathabwa kuti phazi lizikankha chopita kutsogolo, chidendene chili pansi.

Apa tsopano ndi pomwe pali nkhani yanu. Muli chotsamira choncho, wina akugwirireni chiwongolero m'malere. Tambasulani mkono umodzi. Pomwe timavala wotchi paja pagone pamwamba penipeni pa chiwongolero, phewa lisanachoke pampando. Ukakhala mtunda umenewo, mukagwira mbali ndi mbali, pa 9 ndi pa 3 monga pa wotchi, zigongono zimapindika zokha bwinobwino, ndipo mutha kukhota mpaka manja kupingasana msana uli pomwepo. Pa kupendekeka, tayerekezani kuti pakati pa chiwongolero patuluka ndodo yowongoka. Ndodoyo iziloza pakati pa chifuwa ndi khosi lanu. Ikaloza pamimba, chaimirira kwambiri ndipo manja adzathyokera m'mwamba. Ikaloza pamphumi kapena kudenga, chagona, ndipo dzanja lapamwamba lidzakhala likusakasaka kutali pamene lapansi lapanikizika. N'chimene chikukupwetekani mapewa patebulo paja, chifukwa tebulo lodyera ndi lalitali ndipo mumakweza mikono nthawi yonse.

Kwa ambiri zimenezi zimathera pa madigiri 10 mpaka 20 kuchoka poimirira chilili. Changa chili pafupi ndi 15. Ikani foni pankhope ya chiwongolero, pali timapulogalamu taulere toyezera kupendekeka. Yezani pachiwongolero penipenipo, osati pathabwa, pakuti G29 imabwera yopendekeka kale ngakhale ili pamalo osalala.

Koma zimatengeranso masewera anu. Ngati usiku wina mumakonda Euro Truck Simulator 2, masewera oyendetsa malole, mudzafuna chogona kwambiri ndi mpando woimirira, monga mmene amakhalira a malole omwe timawaona akukwera mitunda ya pa M1 pakati pa Ntcheu ndi Lizulu. G29 imazungulira madigiri 900, kawiri ndi theka, ndipo pa lole mumaigwiritsa ntchito yonse, manja akulandizana. Pa magalimoto ampikisano manja sachoka pa 9 ndi 3. Ndi chifukwa chake ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti thabwa lokhalapo chiwongolero musalikhomere misomali. Limangeni ndi bawuti imodzi yaikulu mbali iliyonse, ya M10 (yonenepa mamilimita 10), kuti lizitha kuwerama ndi kudzuka, kenako boolani mabowo anayi kapena asanu motsatana ngati uta, kuti bawuti yachiwiri izilowa pomwe mwafuna. Thupi limanena zoona pakatha sabata, osati tsiku loyamba, ndipo mudzafuna kusuntha.

Za matabwa kapena zitsulo, ine ndimati matabwa. Mphamvu ya G29 ndi yochepa, sifika pa ya ziwongolero za direct drive, zija zomangidwa mwachindunji pa mota, ndiye paini wa 2 by 4 amakwana. Kuno paini sasowa, koma gulani wouma. Wauwisi amapindika akamauma ndipo mabowo anu onse adzasemphana. Changa pansi pake ndi matabwa awiri a masentimita 140, otalikirana mogwirizana ndi njanji za mpando, ndipo mpando, mapedulo ndi chiwongolero zonse zamangidwa pa matabwa omwewo. Mukatero, mphamvu ya mwendo wanu imathera m'thabwa ndipo palibe chothawa. Mizati iwiri yonyamula chiwongolero muyichirikize ndi timatabwa topingasa, apo ayi idzagwedera ngati tebulo lija. Akalipentala auzeni agwiritse mabawuti ndi mawashala, misomali imasukusa. Siyaninso mpata woti mawondo alowe ndi kutuluka osagunda.

Pansi pa G29 pali mabowo a mabawuti a M6, pachiwongolero ndi pamapedulo pomwe. Agwiritseni ntchito m'malo mwa zopanira zapulasitiki zija. Chenjerani ndi kutalika kwa bawuti: ikapitirira imakaboola zam'kati. Yezani kukhuthala kwa thabwa, muwonjezere pang'ono pokha.

TV ibwere pafupi, kuseri kwenikweni kwa chiwongolero, pakati pake pakhale pa msinkhu wa maso. Ikakhala pamwamba pa kabati mudzachiritsa mapewa n'kudwalitsa khosi.

Fumbi la mwezi wa September ndi October ndi mdani wa mapedulo amenewa. Likalowa mkati, buleki imayamba kudzigwira yokha kapena moto kumadukiza. Mukamaliza kusewera vundikirani ndi chitenje, ndipo magetsi akathima zulani pulagi, mudzalumikize akabwera n'kukhazikika.

Mukaupeza mpando, tumizani chithunzi muno mutakhalapo, chojambulidwa cham'mbali, mkono mutatambasula. Ndidzakuuzani pomwe mizati iyenera kuima musanadule thabwa ndi limodzi lomwe.