Musadikire chimbale, pulumutsani kaye makaseti a bambo anu

Achimwene a ku Makhanga, zomwe mwalemba usiku wathawu ndaziwerenga ndipo ndakumvani. Mwati mwatopa kudikira kuti nyimbo za malemu Allan Namoko zidzatulukenso zonse pamodzi, zomveka bwino, poti zomwe mumapeza pa foni ndi zochepa ndipo zina ndi zodukaduka. Mwafunsanso ngati kuli bwino kutenga makaseti 7 omwe bambo anu anasiya n'kukawapereka kwa anyamata obena nyimbo pamsika kuti azifalitse, kapena kuziponya nokha pa YouTube. Ena mu gulu muno akuti ponyani basi, ena akuti dikirani eni ake. Ine ndakhala ndikukonza mawailesi pano pa Nchalo kuyambira nthawi yomwe nyumba iliyonse inali ndi kaseti, choncho ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Kudandaula kwanu n'komveka, ndipo inenso zimandipweteka. Namoko anali wa ku Thyolo, kuseri kwa mapiri omwe inu a ku East Bank mumawaona tsiku lililonse mukadzuka, ndipo banjo yake inkalira m'magolosale kuyambira pa Thabwa mpaka ku Fatima ngati kuti ndi mwana wa m'chigwa muno. Munthu wosaona, koma pamodzi ndi gulu lake la Chimvu River anagwedeza dziko lonse. Anatisiya mu 1995. Lero mwana wobadwa mu 2005 akafuna kumumva amapeza kanyimbo komwe kadutsa m'mafoni makumi angapo, mawu ake ngati akuimbira mu chitini, dzina la nyimbo lolakwika, pakati pake mnyamata wina akutchula dzina la shopu yake. Ndimati ndikamva zotere mtima umandiwawa.

Koma musanaganize za YouTube kapena za ofesi iliyonse, ganizirani makasetiwo. Pa nkhani yonseyi iwo ndi amene sangadikire. Riboni ya kaseti ndi kapulasitiki kopyapyala kopakidwa fumbi la chitsulo, ndipo nyimbo imakhala mu fumbi lomwelo. Adani ake ndi kutentha ndi chinyontho, zomwe kwathu kuno tili nazo zonse ziwiri mosefukira. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi pano pa Nchalo kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye tangoganizani m'nyumba ya malata masana. Dzinja likafika chuku chimalowa. Mwanena kuti makaseti anuwo anapulumuka madzi a mu Januwale 2015 komanso a namondwe Freddy mu 2023 chifukwa mayi anawaika mu ndowa n'kuipachika kudenga. Mayiwo muwathokoze. Komabe kudenga ndi kumene kumatentha kwambiri, ndiye atsitseni lero lomwe. Aikeni choimirira ngati mabuku, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi sipika chifukwa maginito ake amafufuta mawu pang'onopang'ono.

Chaka chatha mayi wina wa ku Bangula anandibweretsera kaseti ya kwaya yomwe malemu amuna awo ankaimbamo. Kunja inkaoneka yabwinobwino. Nditayang'ana pa kawindo kake ndinaona timadontho toyera pa riboni, ngati ufa wowazidwa. Iwo anali atayiyesa kale kunyumba pa wailesi ya mnansi, ndipo wailesiyo inatafuna gawo lalikulu, riboni inatuluka itakwinyika ngati chingwe cha mbatata. Tinapulumutsa nyimbo zinayi mwa khumi. Mayi aja anakhala pa benchi panja pa shopu, foni ili kukhutu, kubwereza nyimbo imodzi yomweyo mpaka dzuwa linapendeka. Ndikunena izi kuti musafulumire kulowetsa kaseti mu wailesi iliyonse yomwe mwaipeza.

Yambani mwathyola timano tiwiri tomwe tili pamwamba pa kaseti, ngati tidakalipo, kuti wina asajambulirepo mwangozi. Kenako lowetsani bolopeni pa bowo n'kuzungulitsa ndi dzanja pang'onopang'ono, kuchoka koyambirira mpaka kumapeto. Mukamva kulimba, imani, musakakamize. Yang'ananinso kasiponji kakang'ono komwe kamakhala pansi pa riboni, pakati penipeni. Kamakonda kumatuka ndi kutentha, ndipo kakagwa mawu amamveka ngati munthu ali pansi pa madzi, anthu n'kumataya kaseti yabwinobwino. Ngati chikhokhombe chake chapindika, riboni imatheka kusamutsidwira mu chikhokhombe china chomangidwa ndi tisikuluu. Ya chuku musaiyimbe n'komwe, ndipo musaiyanike padzuwa. Iume pamthunzi, pamalo popita mphepo, kenako ipukutidwe ndi munthu wodziwa.

Wailesi yake ikhale yoti lamba ndi wabwino, apo ayi Namoko adzaimba mothamanga kapena mokoka. Hedi, kachitsulo kowerenga mawu pa riboni, ndi kagudumu ka labala zipukutidwe ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti kaseti iliyonse isanalowe. Mudzaona thonjelo likutuluka lofiirira, ndiye fumbi la nyimbo lija likuyoyoka. Chonde musajambule poika foni pafupi ndi sipika, chifukwa mudzajambulira pamodzi atambala, njinga zamoto ndi ana akusewera pabwalo. Pezani nthambo yochoka pa bowo la mahedifoni kupita ku kompyuta. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity, imagwira bwino ngakhale pa laputopu yakale. Posunga sankhani mtundu wa fayilo wa WAV, womwe sutaya mawu, osati MP3. WAV imadya malo, pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi, kotero kaseti ya C60, ya mphindi 60, imakwana 600 MB, koma makaseti anu onse 7 alowa mu fulashi ya 16 GB malo n'kutsala. Ma MP3 omvera pa foni mudzapanga pambuyo pake kuchokera ku WAV yomweyo. Potumizira m'bale pa WhatsApp tumizani ngati document kuti fayilo ifike momwe ilili.

Mafulashi akhale awiri. Imodzi ikhale kwanu, inayo ikwere mtunda, kwa wachibale ku Blantyre kapena ku Thyolo. Ife a m'chigwa tikudziwa zomwe Shire ndi Ruo amachita akakumana atakwiya. Jambulaninso chithunzi cha chikuto chilichonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale chitafufutika. Ndiye mukhale pansi ndi mayi, muwafunse komwe bambo anagula kaseti iliyonse ndi chaka chake, mulembe m'kope. Zimaoneka zazing'ono, koma munthu wofuna kutulutsanso chimbale amavutika kwambiri ndi zimenezi: nyimbo iyi dzina lake lenileni ndi chiyani, inali pa kaseti iti, inatsatana ndi iti.

Tsopano za kuchedwa komwe kwakukwiyitsaniku. Sindikuikira kumbuyo aliyense, koma ndi bwino mudziwe pomwe pamakola. Oimba a m'badwo umenewo ambiri ankajambulira ku MBC, yomwe inayamba mu 1964, pa matepi akuluakulu ozungulira aja, ndipo cholinga chinali choti nyimbo iulutsidwe pa wailesi, osati igulitsidwe. Zina zinajambulidwa m'masitudiyo ang'onoang'ono, zina zinatuluka kunja, monga chimbale cha Ana Osiidwa chomwe kampani ya nyimbo ya Pamtondo ya Dr John Lwanda inatulutsa mu 1992. Ndiye nyimbo za munthu mmodzi zili m'manja osiyanasiyana. Wofuna kuzisonkhanitsa ayenera kupeza tepi yoyambirira ya nyimbo iliyonse, agwirizane ndi amene anajambula, agwirizanenso ndi banja la woimba, ndipo banja si munthu mmodzi. Akamaliza apo alipire woyeretsa mawu. Nanga ndalamazo azibweza bwanji? Kaseti inafa, CD nayonso inatsatira, ndipo pa intaneti nyimbo imayenera kumveredwa kambirimbiri kuti ibale kangachepe. Ife tomwe amene tikulira kuti atulutse, tinazolowera kupereka ndalama yochepa pamsika n'kudzaza memore yonse. Pamenepa tisanamizane, mbali ina ya kuchedwaku ndi yathu.

N'chifukwa chake za kukapereka kwa anyamata obena ndikuti ayi. Sindikuwanyoza, akusaka ya ufa ngati wina aliyense, koma mukatero banja la Namoko silionapo ngakhale tambala, ndipo tsiku lomwe chimbale choyera chidzatuluke aliyense adzati ndili nazo kale. Za YouTube nazonso ndikuti dikirani. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza nyimbo kwa zaka 50 mwini wake atamwalira, kutanthauza kuti za Namoko zili ndi eni mpaka 2045. Kaseti ndi yanu, bambo anaigula ndi thukuta lawo la m'munda wa thonje, koma nyimbo zomwe zili m'katimo ndi za ana ndi abale a woimba. Kukopera kuti muzimvera pakhomo panu ndi kusunga kuti zisafe ndi nkhani ina, kufalitsa kwa dziko lonse ndi inanso.

Chomwe ndingakonde ndi chakuti gulu lino lichite zinthu ngati gulu. Tilipo ambiri muno, ndipo ndikukhulupirira kuti m'masutikesi a makolo athu, kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Marka, muli makaseti omwe mwina ofesi iliyonse ilibe. Aliyense alembe zomwe ali nazo, dzina la kaseti ndi nyimbo zake, tipange mndandanda umodzi. Ndi mndandanda umenewo tilembere COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso lomwe lakhalapo kuyambira 1992, tifunse amene akuimira banja la woimbayu ndi momwe tingawafikire. Tilemberenso a MBC kufunsa zomwe zili m'nkhokwe yawo. Kalata ya munthu mmodzi wokwiya imaiwalika mu kabati. Kalata ya anthu 60 onena kuti tili ndi nyimbo izi, tazisunga bwino, tikufuna kugula chimbale ndipo ndalama tayamba kale kusonkha, imayankhidwa mwamtundu wina. Tikawapeza a banja, tiwapatse mafayilo athu ulere, iwo asankhe chochita. Akavomera kuti ziikidwe pa intaneti, ziikidwe m'dzina lawo kuti kalikonse kobwera kapite kwa iwo.

Apa ndikuchenjezeni ndi zomwe zinandigwera ine. Zaka zapitazo kunabwera bambo wina wa m'tauni, wovala bwino, wolankhula mokoma, akuti akusonkhanitsa nyimbo zakale kuti azitulutsenso. Ndinamupatsa makaseti 11. Pakati pake panali imodzi yomwe ndinajambula ndekha pa ukwati kwa Tengani, amalume anga akuimba ulimba usiku wonse ndi anzawo awiri. Inalibe inzake pa dziko lapansi. Munthu uja sanabwerenso, nambala yake inasiya kugwira, ndipo amalume anamwalira chaka chotsatira. Choncho kaseti yeniyeni isachoke m'manja mwanu. Wofuna nyimbo apatsidwe fayilo, kapena abwere ndi zipangizo zake ajambulire pamaso panu, ndipo mulemberane papepala.

Musataye mtima poganiza kuti nyimbo zakale zilibe msika. Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, ndipo ali ndi zaka 90 anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo yake ya Linny Hoo n'kufalikira pa TikTok mpaka kumayiko omwe sadziwa n'komwe kuti kwawo ku Chiradzulu ndi kuti. Achinyamata anazikonda atangozimva zitajambulidwa bwino. Palinso zomwe Hugh Tracey, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, kuphatikizapo nyimbo za Amang'anja. Zinasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, ndipo zina zinadzatuluka pa CD patatha zaka zoposa 40. Zinatheka kutuluka mochedwa choncho chifukwa matepi ake analipo, osungidwa pouma.

Ndipo poti tayamba, tisathere pa Namoko yekha. Joseph Tembo, mwana wa kwathu ku Chikwawa, anatisiya mu 2019, ndipo ma CD ake omwe tili nawo m'nyumbamu ayamba kale kukalika. Nanga agogo oimba ulimba ndi bangwe, amayi a utse, ng'oma za likhuba, omwe sanalowepo mu situdiyo ndi tsiku limodzi lomwe? Amenewo palibe kampani yomwe idzawatulutsenso chifukwa sanatulukepo. Amene muli ndi foni yabwino ndipo kumudzi kwanu kuli mdala woimba, mupempheni chilolezo, mumujambule mwezi uno, mumufunse dzina la nyimbo iliyonse ndi amene anamuphunzitsa, ndipo musachoke osamusiyira kenakake.

Inu achimwene, ngati kwanuko kulibe wailesi yodalirika, bwerani nawo kuno Loweruka. Ndili ndi deki imodzi yoimbira makaseti yomwe ndinaisinthira lamba mwezi watha, ndipo mwana wanga abweretsa laputopu. Sindikulipiritsani, mungogula mafulashi awiri aja. Kaseti imajambulidwa pa liwiro lake lomwe, ola limodzi ndi ola limodzi, ndiye 7 zititengera tsiku lonse, mulawire m'mamawa. Powoloka pa Mtayamoyo muwakulunge m'mapepala apulasitiki awiri, muwanyamule pachifuwa osati pansi pa bwato, ndipo mu minibasi musawaike pafupi ndi injini. Kope lija la mayi musaliiwale.