Besi imathawiranji ndikatsitsa voliyumu usiku?

Achimwene ena a ku Luchenza alemba pa imelo kuti ali ndi risiva (makina otumiza mawu ku masipika) ya Denon, masipika 5 ndi sabu (sipika ya besi). Masana filimu imagunda bwino, koma usiku akatsitsa voliyumu poopa aneba a khoma limodzi, zonse zimamveka ngati kawailesi ka mabatire. Akufunsa ngati sabuyo yapsa.

Sinapse, achimwene. Mlandu ndi wa khutu. Mu 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs anapeza kuti phokoso likachepa, khutu limayamba kuphonya besi, pomwe mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz limawamvabe. Tsono mafilimu amakonzedwa pa mlingo wokwera kwambiri, womwe pa risiva yanu ndi 0 dB, kapena 80 ngati imawerenga kuyambira pansi. Kunyumba ndani amafika pamenepo?

Musathamangire kupotokola kabatani kokwezera besi ka kumbuyo kwa sabu. Tsiku lomwe mudzakweze voliyumu, malata adzanjenjemera ndipo zolankhula zidzamira.

Yambani n'kuyeza chipinda ndi maikolofoni ya Audyssey (pulogalamu ya mu risiva yokonza mawu molingana ndi chipinda) ija inabwera m'katoni. Ikhale pamsinkhu wa makutu pamene mumakhala, yoloza kudenga, m'nyumba muli zii. Mvula ya ku Thyolo kuno ikamalira padenga, dikirani ikate. Mukatha, lowani pa Setup, Audio, Audyssey n'kuyatsa Dynamic EQ. Iyi imawonjezera besi mukamatsitsa voliyumu, n'kuichepetsa mukamakweza. Imakwezanso masipika akumbuyo.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa Reference Level Offset, yomwe imachepetsa mphamvu ya Dynamic EQ nambala ikamakwera: 0, 5, 10 kapena 15 dB. Filimu isiyeni pa 0. Koma nkhani, mpira wa pa DStv ndi nyimbo zimabwera zokwezedwa kale. Inu mumatsitsa kwambiri, makina n'kuyesa kuti mukumvera motsika, ndiye amathira besi yoposa muyezo. Wowerenga nkhani amamveka ngati ali mumgolo, ochemerera akumbuyo n'kumeza wolengeza mpira. Pamenepo ikani 10. Nyimbo zaphokoso, 15.

Dynamic Volume ndi ina. Iyo imapondereza mabomba n'kukweza manong'onong'o. Usiku Light ikukwanira. Heavy imaphwetsa filimu. Amene muli ndi risiva ya Yamaha, yanu yobwezera besi ndi YPAO Volume.

Kumbukiraninso kuti besi ndiyo imaboola khoma. Sabu muichotse pakona ya khoma la aneba, n'kuyezanso chipinda.