Ndikangoseka kamkodzo kamadontha, bambo akunyumba ayamba kundithawa

Azakhali,
Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa mandasi ndi tchipisi pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Chibadwireni mwana womaliza ndanenepa zedi, sikelo inawerenga makilo 94. Ndikangoseka, kutsokomola olo kunyamula ndowa ya madzi kamkodzo kamadontha, moti pa chinkhoswe cha mng'ono wanga ndinangokhala pampando nditamanga zitenje ziwiri, kuvina ayi. Bambo akunyumba akumagona atayang'ana kukhoma, apongozi akuti wina wandilodza kumsika. Madzi ndasiya kumwa. Ndithandizeni.
Mayi wodandaula

Achemwali,
Anzanu akumsikawo asiyeni, alibe mlandu. Chikhodzodzo chimakhala pa minofu ya m'munsi yomwe imatsekanso njira ya mkodzo, ndiye mimba zinayi zaifooketsa kale, pano mafuta a pamimba akuipsinjanso usana ndi usiku. Mukaseka kapena kuyetsemula mphamvu yonse imatsikira pomwepo, basi kadontha. Amayi ambiri ali nalo vutoli koma amangobisa m'chitenje.

Simukufunika kubwerera thupi la pautsikana ayi. Madokotala anapeza kuti kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a kulemera kwanu kumachepetsa kudonthako, kwa inu ndi makilo 5 mpaka 9 basi. Ndikudziwa kuti wokazinga mandasi salephera kulawa, kamodzi apa kamodzi apo pofika madzulo mwadya asanu ndi tiyi wa shuga masupuni atatu! Yambirani pamenepo. Nsima chepetsani mitanda, masamba achuluke, usipa ndi chambo muziwotcha kapena kuphika m'malo mokazinga, ndipo masiku ena kabazayo mumusiye muyende wapansi m'mawa kusanatenthe.

Minofuyo imalimbanso. Finyani ngati mukugwira mpweya woipa pagulu, werengani mpaka 5, masulani, kakhumi, katatu patsiku. Palibe angadziwe olo muli pa chiwaya. Koma pamafunika miyezi ngati 3, osati sabata imodzi muziti azakhali anandinamiza.

Zosiya madzizo ndakana. Ndi kutentha kwa ku Salimaku, mukapanda kumwa madzi mkodzo umakhala wofiirira, wonunkha kwambiri komanso umavutitsa chikhodzodzo. Muchepetse tiyi, khofi ndi zakumwa za gasi.

Pitani pa chipatala cha boma akakuyezeni shuga ndi mkodzo, chifukwa matenda a shuga amakodzetsa pafupipafupi. Ngati mkodzo umangotuluka osalekeza chiyambire pomwe munachira movutikira, imeneyo ikhoza kukhala fistula, kubooka kwa chikhodzodzo pobereka, amathandiza ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe.

Koma bambowo mwawauza? Ine ndikukayika. Mwina akuona mukudzikulunga usiku akuganiza kuti ndinu mukuwakana. Auzeni muli awiri ana atagona, apongozi asakhalepo, ndipo tsiku lopita kuchipatala akuperekezeni akamve okha kwa anesi.
Azakhali