Nyumba zakale za mu Harare: kodi palibe lamulo?

Achimwene, mwafunsa ngati palibe lamulo loletsa kugumula nyumba zakale mu Harare, poti mwaona ina ikugwetsedwa cha ku Robert Mugabe Road. Lamulo liripo, koma ndi lopyapyala. Bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe limateteza nyumba zimene boma lazilengeza kuti ndi chikumbutso cha dziko, ndipo wofuna kugumula nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1910 ayenera kulidziwitsa kaye. Tsono mzinda uno unayamba mu 1890 ngati Fort Salisbury, ndiye nyumba za zaka makumi awiri zoyambirirazo ndi zowerengeka. Zambiri zokongola zinabwera pambuyo pake, ngati Town House, likulu la khonsolo ya mzinda, ya 1933.

Chimene ndimaona ine n'chakuti nyumba imafa buludoza isanafike. Mwini wake amasiya denga likudontha, m'kati n'kugawamo timashopu ta mafoni ndi zovala, khonde la malata n'kuchita dzimbiri. Kenako akuti ndi yoopsa, igwe. Malo a pakati pa tauni ndi ndalama, ndipo timashopu makumi atatu timabweretsa lendi yoposa sitolo imodzi.

Mtima wanga uli kwenikweni ku Mbare, dera lakale la anthu akuda mu Harare. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, ndipo ankandisonyeza Stodart Hall ndi Mai Musodzi Hall ngati akusonyeza kwawo. Zimandiwawa kuti tikamakamba za mbiri timangoloza nyumba za atsamunda, n'kuiwala maholo amene makolo athu ankasonkhanamo.

Nyumba imene mwaonayo ijambuleni lero, mulembe msewu ndi nambala yake, mupite nazo ku ofesi ya bungwe la National Museums lija ndi kwa khansala wa deralo.