Sakura akathothoka timaimba chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene ayamba maphunziro ku Japan mwezi wa Epulo. Anzawo a m'kalasi awaitanira ku karaoke kumapeto kwa Meyi, ndiye akufunsa nyimbo zachijapani zoyenera nyengo imeneyi, maluwa a sakura atatha koma kutentha kwenikweni kusanafike. Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu. Kachitatuko ndinaseka ndekha mpaka misozi, chifukwa manyazi amene ndinachita ine pa nkhani yomweyi sanandichokebe.

Inenso ndinafika mu Epulo, ku Shizuoka, poti kumeneko chaka cha sukulu ndi cha ntchito chimayamba mwezi umenewo. Ndinapeza dziko lonse lapenga ndi sakura, ndipo nyimbo imodzi inandikola mtima: Sakura ya Moriyama Naotaro, ya mu 2003. Ndinati iyi ndiye yanga. Masabata asanu ndi limodzi ndinkailoweza, posamba, panjinga, pophika, mawu ake nditawalemba m'zilembo zathu pakapepala. Tsiku la karaoke litakwana, kumapeto kwa Meyi ngati inu nomwe, ndinaimirira n'kuikoka ndi mtima wonse, maso chotsinzina. Anawomba m'manja muja timawombera mlendo wolemekezeka akamaliza kulankhula motalikitsa. Kenako mnzanga wina anandiyandikira n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Kodi mukubwerera kwanu?" Osadziwa ine kuti nyimboyo ndi yotsanzikana, imene ana asukulu amaimba mu Malichi pomaliza maphunziro. Ndinawatsanzika anthu nditangokhala nawo miyezi iwiri yokha.

Ndi usiku umenewo umene ndinazindikira kuti nyimbo za kumeneko zili ngati ndiwo. Bowa sungamufune mu Okutobala. Vuto lathu n'lakuti nyengo zawo sizilowa m'mawu athu. Ife tili ndi dzinja, masika, nyengo yozizira ndi chilimwe, ndipo mu Meyi timakhala tikukolola chimanga ndi kufukula majuzi m'masutikesi. Iwo mu Meyi mitengo yonse imakhala itavala masamba anthete, obiriwira mowala moti ali ndi dzina lakelake, shinryoku. Pamadenga ndi pamitsinje pamauluka nsomba zansalu zotchedwa koinobori, zokondwerera Tsiku la Ana pa 5 Meyi.

Zokongola ndithu. Koma achemwali, sindikubisirani, Meyi ndi mwezi umene ndinapukwa kwambiri pa moyo wanga. Kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 5 Meyi kuli maholide otsatizana amene amawatcha Golden Week. Aliyense anapita kwa makolo ake, ine ndinatsala m'kachipinda kanga ndi ufa wa theka la kilo umene ndinkausunga ngati mankhwala. Ajapani eni ake amadziwa za kulefuka kumeneku, amakutcha gogatsubyo, kutanthauza matenda a Meyi: munthu wayamba sukulu kapena ntchito yatsopano ndi changu, kenako holide ikatha mphamvu zonse zii, kudzuka m'mawa kukhala nkhondo. Palibe amene anandichenjeza.

Chinandichiritsa si dokotala. Pafupi ndi siteshoni panali kamalo kodyera ka agogo ena aakazi, mipando isanu ndi itatu basi, wailesi yosazima. Tsiku lina, mvula ikuwaza, munamveka mawu a mwamuna, osakuwa, osadzionetsera, ndipo agogo aja anasiya kudula kabichi n'kuyamba kung'ung'udza nawo. Inali Hatsukoi ya Murashita Kozo, ya mu 1983, yokumbukira chikondi choyamba cha kusukulu chimene mnyamata sanathe kuchitchula. Imayamba ndi mvula ya samidare, imene akuti ndi yobiriwira. Samidare ndi mvula ya mwezi wachisanu pa kalendala yakale yotsata mwezi, choncho masiku ano imagwera cha mu Juni. Murashita yemweyo anamwalira mu Juni 1999 ali ndi zaka 46, nyengo ya mvula yake yomweyo. Ndinadya mpunga wanga pang'onopang'ono kuti ndisatuluke nyimbo isanathe.

Ndiye ndinene mosapsatira, ena akwiye akwiye. Nyimbo za sakura zachuluka shuga, zonse ndi misozi yofanana ya pasiteshoni. Za m'chilimwe chawo, za gulu loimba la TUBE ndi anzawo, ndi nyanja, dzuwa, kufuula, ngati kuti munthu sungasangalale usanavule malaya. Nyimbo zenizeni za ku Japan zili pakatipa, mu Meyi ndi Juni, pamene palibe chikondwerero chokukakamiza kumwetulira. Ndipo amene mwadziwira nyimbo zachijapani pa YouTube, chonde, Plastic Love ya Takeuchi Mariya ndi yabwino, sindikukana, koma si ndiye Japan yense. Ndatopa ndi anthu amene amva nyimbo ziwiri za city pop, mtundu wa nyimbo ngati Plastic Love ija, n'kuyamba kundiphunzitsa ine amene ndinanyowa nayo mvula ya kumeneko.

Pali inanso imene siichoka m'mutu mwanga ngakhale si ya pawailesi. Shizuoka ndi dera la tiyi, ndipo mwana aliyense amadziwa Chatsumi, nyimbo ya kusukulu ya mu 1912 imene amaimba akuwombana m'manja awiriawiri. Imakamba za hachijuhachiya, usiku wa 88 kuwerengera kuyambira pachiyambi cha haru, nyengo yawo yotsatira kuzizira, umene umagwa cha pa 2 Meyi, pamene amathyola tiyi woyamba. M'nyimbomo othyola tiyi avala zisoti zaudzu ndi timalamba tofiira, zonse zosangalatsa. Azakhali anga anathyola tiyi ku Thyolo zaka zambiri, dengu kumsana, ndipo sindinawamvepo akunena kuti ntchitoyo ndi yokoma choncho. Ku Shizuoka komweko lero ambiri amadula ndi makina. Komabe ndikaimva ndimawomba nawo m'manja, nanga n'kutani.

Ndasochera. Funso lanu lija.

Za mu Meyi

Imbani Hanamizuki ya Hitoto Yo, ya mu 2004. Duwa la hanamizuki limachita maluwa sakura akangotha, kumapeto kwa Epulo mpaka mu Meyi, ndipo mitengo yake inabwera kuchokera ku America mu 1915 ngati mphatso yobwezera ya sakura amene Tokyo inatumiza ku Washington mu 1912. Nyimboyi imayenda pang'onopang'ono moti lilime lathu limakwanitsa, komanso aliyense m'chipindamo adzakuthandizani kuimba. Mukafuna yodzutsa anthu pali Ride on Time ya Yamashita Tatsuro, imene inatuluka mu Meyi 1980. Anzanu akakhala achinyamata adzaika Lilac ya gulu la Mrs. GREEN APPLE ya mu 2024. Asiyireni okha, imathamanga ndipo imakwera kumene mmero wa munthu wamba sufika. Yomvera muli nokha pasitima ndi Midori no Machi ni Maiorite ya Matsutoya Yumi, ya mu 1979, yonena za mzinda wa Morioka mwezi wa Meyi.

Juni akangolowa imayamba tsuyu, mvumbi wa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Taganizani chiperoni cha ku Blantyre koma chofunda, zovala zosauma, nsapato kuchita nkhungu. Apo ndiye pa Hatsukoi, pa Ame no Station imene Yumi yemweyo anaimba mu 1975 akudziwika kuti Arai Yumi, pa Ajisai Dori ya Spitz ya mu 1995, yotchedwa dzina la maluwa a ajisai amene amakonda mvulayo, ndi pa Rain ya Oe Senri ya mu 1988, imene ambiri anaidziwira kwa Hata Motohiro mu 2013.

Pa tsiku lanulo sankhani imodzi yokha, muiloweze bwino, ndipo musakhale oyamba kugwira maikolofoni. Ambulera gulirani tsopano, yoonekera mkati ija ya ku konbini, timasitolo tawo ting'onoting'ono tija. Yanga yoyamba ndinaiiwala m'sitima tsiku lomwe ndinaigula.