Pulogalamu yatsopano ikubwera, antchito tiwatani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa mu ofesi yoona za antchito ku dipatimenti ya boma ya zamtengatenga. Akuti dipatimenti yawo ikugula pulogalamu yatsopano ya pakompyuta yolembetsera galimoto ndi kuperekera malaisensi, ndipo abwana awauza kuti alembe ndondomeko ya antchito ya zaka zisanu. Funso lawo ndi ili: "Makalaliki tichepetse angati, nanga akatswiri a makompyuta tilembe angati?"

Mayi, funso lolemera ndi lachiwirilo, koma ndiyambe ndi la makalaliki poti ndi limene abwana anu akulidikira. Chaka choyamba musachotse munthu. Pulogalamu ikangofika, ntchito imayamba yachuluka: mafayilo akale ayenera kulowetsedwa, mayina olembedwa kawiri ayenera kukonzedwa, nambala za injini zosiyana ndi za papepala ziyenera kufufuzidwa, ndipo pakauntala mzere umatalika chifukwa kalaliki nayenso akuphunzira. Ku Britain, bungwe la boma loona za malaisensi ndi kulembetsa galimoto la DVLA linatseka maofesi ake 39 a m'madera mu 2013, n'kusiya kupereka kapepala ka msonkho komata pagalasi la galimoto mu 2014, koma linatero anthu atazolowera kale kulipira pa intaneti kwa zaka zingapo. Inu tengani mndandanda wa amene apume pantchito m'zaka zisanuzi. Malo ena amene asiye musalembepo wina, ndalama zake zipite ku maudindo atsopano.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Musanawerenge akatswiri, funsani kuti makiyi a pulogalamuyi azisunga ndani.

Ku South Africa, pulogalamu ya eNaTIS, imene imasunga zonse za galimoto ndi malaisensi a dziko lonse, inayamba kugwira ntchito mu 2007. Inapangidwa ndi kuyendetsedwa ndi kampani ya Tasima. Boma litafuna kuitenga, nkhani inathera kukhoti, ndipo inakokana mpaka bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula mu 2016 kuti iperekedwe ku bungwe la boma loona za pamsewu la RTMC, lomwe linadzaitenga mu 2017. Papepala pulogalamu inali ya boma nthawi yonseyi, koma odziwa kuiyendetsa anali a kampani. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. A DVLA aja nawo anaona vuto lofanana ndi ili, ndipo mu 2015, kontrakiti yawo ndi kampani ya makompyuta ya IBM itatha, anabweza ntchito za makompyuta m'manja mwawo, antchito ambiri a makontrakitala n'kukhala a boma.

Sindikunena kuti kampani ndi yoipa. Kupanga pulogalamu yaikulu chonchi ndi ntchito ya kampani ndithu. Koma m'ndondomeko yanu mukhale anthu anu amene azikhala tebulo limodzi ndi a kampaniwo kuyambira tsiku loyamba, osati kudzaphunzitsidwa masiku atatu kontrakiti ikutha. Pakufunika wosamalira nkhokwe ya zonse zolembedwa, amene angathe kuzibweza seva (kompyuta yaikulu yosunga zonsezo) ikafa. Pakufunika wa netiweki, wa chitetezo cha makompyuta, ndi oyankha mafoni a maofesi a kutali kompyuta ikakana. Ndipo pali munthu mmodzi amene ambiri amamuiwala: wodziwa malamulo a pamsewu ndi kayendedwe ka fomu iliyonse, amene angauze opanga pulogalamu kuti galimoto ikasintha mwini pamachitika zakutizakuti. Ameneyu simumupeza polengeza m'nyuzipepala. Ali kale pakati pa makalaliki amene abwana akufuna kuchotsawo.

Pa udindo uliwonse umene ukaima dipatimenti yonse imaima, lembani anthu awiri. Mmodzi amadwala, amapita kutchuthi, amapeza ntchito kwina. Izi zimandikumbutsa makina osindikizira makadi a laisensi ku South Africa komweko: anali amodzi okha dziko lonse, ogwira ntchito kuyambira 1998, ndipo atawonongeka kumapeto kwa 2021 makadi anaima mpaka chaka chotsatira. Katswiri mmodzi yekha muofesi sasiyana ndi makina amenewo.

Za malipiro tisanamizane. Mabanki ndi makampani a mafoni amalipira kuposa boma, ndipo amene mwamuphunzitsa bwino ndiye amayamba kuchoka. Pangano loti agwire zaka zakuti akamaliza maphunziro limathandizako pang'ono. Chothandiza kwambiri, mmene ndimaonera ine, ndi kukonza magiredi kuti katswiri azikwera ali katswiribe. M'madipatimenti ambiri munthu wa makompyuta amakwezedwa pokhapokha akasiya seva n'kukhala bwana wosaina mapepala, ndiye mwataya katswiri, mwapeza bwana wosakondwa.

Chinanso ndi cha ofesi yanu yomweyo, mayi. Munthu akasamutsidwa, akapuma kapena akachotsedwa, akaunti yake yolowera mu pulogalamuyo itsekedwe tsiku lomwelo, ndipo kalata yotseketsa ichokere kwa inu. Laisensi yachinyengo siivuta kutuluka pamene anthu atatu akugwiritsa ntchito pasiwedi imodzi, kapena pamene akaunti ya munthu amene anachoka kalekale ikadali yotsegula. Wolowetsa zotsatira za mayeso oyendetsa galimoto asakhalenso wozivomereza, ndipo zimenezi zikutanthauza malo awiri a ntchito, osati amodzi.

Musanalembe nambala iliyonse, pemphani kontrakiti ya pulogalamuyo muiwerenge nokha. Onani ngati ikunena kuti source code (zolemba zimene pulogalamuyo inapangidwira), mapasiwedi aakulu ndi mabuku ofotokoza kayendetsedwe kake ziperekedwa kwa dipatimenti, komanso liti. Tsiku limenelo liikeni pamwamba pa ndondomeko yanu, muwerenge chobwerera m'mbuyo kuti anthu anu alembedwe mwezi uti kuti adzakhale ataphunzira.