Masitala ya Nyimbo, Amalume Akukana

Mchemwali wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Digiri yoyamba ali nayo, akufuna masitala yofufuza nyimbo zathu, koma amalume ake akuti n'kutaya ndalama. Akufunsa ngati apite kapena aiwale.

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Ine nditauza bambo anga kwathu ku Ntchisi kuti ndikufuna kukaphunzira za ng'oma, anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Ng'oma amaphunzira kudambwe, osati ku yunivesite." Ndinamvera. Lero ndimawerengera anthu ndalama mu ofesi ina kuno ku Mzuzu, ndipo ng'oma za vimbuza zikamveka usiku tulo sindiona. Ndimagona chagada kumvetsera momwe oomba akuyankhirana, wina pansi wina pamwamba, popanda wosokoneza mnzake. Akazi anga amati nanenso mizimu yandigwira.

Chimandiwawa ndi ichi. Hugh Tracey anabwera kuno mu 1950 ndi makina ake, najambula agogo athu akuimba bangwe ndi kalimba. Zojambulazo zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anawalembera dziko lapansi ndi Gerhard Kubik wa ku Austria. Buku lodziwika la vimbuza, la 1996, analemba ndi Steven Friedson, Mmereka. Anthuwa sindikuwada ayi, anagwira ntchito, ena mpaka kugona pamphasa. Ndikudandaula ife eni ake. UNESCO italemekeza vimbuza ndi Gule Wamkulu mu 2005 tinaomba m'manja, kenaka tinabwerera kukauza ana athu kuti aphunzire zaunamwino.

Pitani ku ukwati uliwonse ku Katoto mukaone. Zimkuzamawu ziwiri, mnyamata ndi laputopu, basi. Magulu a malipenga a ku Nkhata Bay timawakumbukira wandale akamabwera. Akuluakulu odziwa kukunga ng'oma akutha m'modzim'modzi, ndiye wina aziti kufufuza zimenezi ndi masewera? Ndakana. Moya Aliya Malamusi, mwana wa ku Chileka komweko, anafufuza zoimbira zathu mpaka kudziwika ku Ulaya.

Ndiye muchite chiyani?

Pitani. Funsani kaye ku University of Malawi ku Zomba, mbali yophunzitsa za nyimbo, kenaka yesani Rhodes, ndipo sakani thandizo la ndalama zophunzirira ku Commonwealth kapena ku bungwe la DAAD la ku Germany. Adzafuna mutu wa kafukufuku, choncho sankhani gule m'modzi, dera limodzi. Yambani kujambula pafoni lero lomwe, mutapempha kwa a mfumu ndi eni gule, ndipo oombawo muziwapatsa kangachepe. Ngati ndi vimbuza, Chitumbuka chanu chikhale chakupsa.

Amalume musawanamize. Ntchito zake n'zochepa: kuphunzitsa, kumyuziyamu, pawailesi. Auzeni choncho, koma fomu mutumize ndithu.